Apilo Yanga Inachotsetsa Ntchito Amake Taonga

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera kuti wolakwa pa nkhani iyi ndine. Ndikuvomera ndikukukuta mano, chifukwa chibadwire ine si munthu wogonja msanga pa mkangano, ndipo khalidwe limeneli ndi limene linachotsetsa ntchito mayi wina wosalakwa kuno ku Dubai. Nkhani yake inayamba ndi chindapusa chaching'ono cha pamsewu, choti munthu wanzeru akanangolipira n'kuiwala. Ine ndinasankha kulimbana nacho. Mpaka lero ndikaiganiza mtima umandiwira. Ndinayamba ndi kukwiyira kamera, kenako malamulo a eni dziko, kenako mayiyo. Panopa onsewo ndinawamasula, ndatsala ndikudzikwiyira ndekha.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ndimasunga katundu m'sitolo ina ya zipangizo za magetsi ku Deira, koma ndimagona ku Al Nahda, tsidya la Sharjah, kumene lendi imalola munthu kupumako. Amene anakhalako kumeneko akudziwa mmene m'mawa umakhalira. Ulendo woti pa Sabata umayenda mphindi makumi awiri, pa Lolemba umadya ola ndi theka, galimoto zikungokwawa. Ndiye nditapeza laisensi, nditalephera mayeso kanayi konse, ndinagula kagalimoto kogwiritsidwa kale ntchito. Ndinkakanyadira kwabasi. Ndinkakapukuta ngakhale tsiku loti kunja kuli fumbi lokhalokha.

Kwathu munthu suyenda wekha m'galimoto anzako akuvutika pamsewu. Choncho ndinkanyamula anthu awiri a m'nyumba yosanja imene ndimakhala. Woyamba anali a Gondwe, bambo wachikulire wa ku Rumphi, akauntanti, munthu wosalankhulitsa amene mawu ake umachita kuwadikira. Wachiwiri anali amake Taonga, mayi wa ku Zambia, kwawo ku Katete koma anakulira ku Lusaka. Iwo ankandiitana kuti achimwene, monga mmene anzathu a ku Zambia amatisekera ife Amalawi, ine n'kumawaitana ndi dzina la mwana wawo. Mwezi ukatha aliyense ankanditumizira kangachepe ka mafuta. Sindinachite kuwalamula. Mukudziwa inunso kuti kwathu kukwera galimoto ya mnzako tsiku ndi tsiku osaponyako ya mafuta n'kusaleredwa. Tinali ndi kagulu kathu ka pafoni ka anthu atatu, komwe tinkauzana kuti tsikani ndafika, kapena kuti ya mafuta ndatumiza. Sindinaonepo cholakwika chilichonse pamenepo.

Muyenera kuwadziwa amake Taonga kuti mumvetse kukula kwa zimene ndinachita. Ankagwira ntchito yolandira odwala pa kachipatala kena ka mano ku Deira komweko. Pakhomo pa chipatalacho panali makina odindapo chala, ndipo chala chinkayenera kudindidwa 8 koloko isanakwane. Asanayambe kukwera galimoto yanga ankayenda pa basi ndi sitima ya metro, ndipo kuchedwa kunawapezetsa makalata awiri a chenjezo. Abwana awo anawauziratu kuti yachitatu idzakhala yotsanzikana. Kuno ntchito ikatha, chitupa chokhalira m'dziko chimatha nayo limodzi. Umangopatsidwa kanthawi koti upeze ina, ukalephera ubwerere kwanu. Amuna awo anamwalira kale, ndipo Taonga anali pa sukulu yogonera ku Zambia konko, atatsala ndi chaka chimodzi kuti alembe mayeso omaliza. Fizi yonse inkachokera pa chala chimenecho. Kwa miyezi isanu ndi itatu imene anakwera nane sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Kunena mosapsatira, ntchito yawo inkakwera galimoto yanga m'mawa uliwonse, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.

Tsiku lina Lolemba kutsogolo kunachitika ngozi, msewu wonse unangoima. Tinakhala malo amodzi mphindi khumi ndi zisanu. Amake Taonga kumbuyo ankangoyang'ana foni n'kumausa moyo.

"Achimwene, nipapata, yanganani nthawi. Lelo bazanichosa nchito."

Kudzanja lamanja kwathu kunali kanjira kopakidwa utoto wofiira, kopanda kanthu, mukungodutsa basi imodziimodzi ndi matakisi. Tsono ine m'mutu ndinali ndi nzeru ya msuweni wanga amene amakhala ku Amereka. Iyeyo anandiuzapo pafoni kuti kumeneko kuli tinjira tapadera ta galimoto zimene zanyamula anthu awiri kapena atatu, kuti anthu azikwerana m'malo moti aliyense atulutse yake. Nzeru imeneyo ndinaisunga ngati ndi lamulo la dziko lonse lapansi. Ndinati m'galimoto muno tilimo atatu, kanjira aka ndi kathu. A Gondwe anatsokomola pang'ono n'kunena kuti chikwangwani chikunena mabasi ndi matakisi basi. Chikwangwanicho ndinachiona ndithu, chinalembedwa m'Chiarabu ndi m'Chingerezi chomwe. Ndinawayankha kuti basi n'chiyani ngati si galimoto yonyamula anthu, ndipo ndinakhota n'kulowa. Tinadutsa mzere wonse wa galimoto zija ngati mdipiti wa pulezidenti. Amake Taonga anadinda chala kutatsala mphindi zitatu, ndipo tsiku limenelo ndinayenda chifuwa chili patsogolo.

Patapita masiku awiri foni inalira, uthenga wa chindapusa. Kamera inali itandijambula. Ndalama yake inali ngati malipiro anga a masiku anayi kapena asanu, yowawa inde, koma yosapha munthu. Pobwerera kunyumba tsikulo amake Taonga ananena kuti alipira theka, popeza ndinalowamo chifukwa cha iwo. A Gondwe anati tigawane patatu nkhani ithe. Tangoganizani, anthu awiri akundipempha kuti andithandize, ine n'kukana. Ndinawauza kuti nkhani si ndalama, nkhani ndi chilungamo. Takisi yonyamula munthu mmodzi, mwinanso yopanda munthu, idutse mwaufulu, ine wochotsa galimoto ziwiri pamsewu ndilangidwe? Nzeru zake zili pati? Ndinalalata njira yonse mpaka ku Al Nahda ndikumenya chiwongolero. A Gondwe anadikira kuti ndipume, kenako anati, "Kwa eni kulibe mkuwe, mphwanga. Ingolipirani." Ndinawauza kuti mantha amenewo ndi amene amachititsa kuti ife alendo tizipondedwa kulikonse.

Mawa lake pa nthawi ya nkhomaliro ndinalemba dandaulo pafoni, pa malo amene anaika oti munthu atsutsirepo chindapusa. Yankho linabwera patatha masiku angapo, lalifupi ndi laulemu, loti chindapusa chili m'malo mwake, chithunzi nachi. Pachithunzipo kagalimoto kanga kanali bwinobwino pakati pa utoto wofiira, nambala ikuwala. Munthu wabwinobwino akanagonja pamenepo. Ine chimene ndinaona n'chakuti kamera inajambula kumbuyo kokha, anthu m'katimo sakuoneka. Ndinati eyaa, vuto ndi limeneli, akuganiza kuti ndinali ndekha. Ndinapempha kuti ndikaonekere pamaso pawo ku ofesi ya zapamsewu, ndipo anandipatsa Lachinayi, 9 koloko m'mawa.

Sabata yonseyo palibe nkhani ina imene inatuluka pakamwa panga. Kuntchito ndinawatopetsa nayo, ku tchalitchi ndinawatopetsa nayo, ngakhale wondimeta ku Hor Al Anz anaimva kawiri. Dalaivala wa sitolo yathu, bambo wa ku Pakistan amene wakalambira m'misewu ya kuno, anandikokera pambali n'kundifunsa ngati anthu amene ndimawanyamulawo amandipatsa kanthu. Ndinamudula asanamalize. Ndinati nkhani yanga ndi ya kanjira, asandilowetsere zina. Anangokweza mapewa n'kunena kuti ndilipire, habibi, ndiye kuti bwenzi langa, ndisapite kumeneko. Ndikanangomusiya kuti amalize mawu ake, bwenzi simukuwerenga izi lero. Koma ndinali nditauza kale anthu ambiri kuti ndikawaonetsa, ndipo kubwerera m'mbuyo kunkandichititsa manyazi kuposa kulakwa.

Apa ndi pamene chizolowezi cha kwathu chinandisokeretsa. Kwathu sumapita ku mlandu wekha. Umatenga mboni, anthu okuikira kumbuyo, ndipo ukafika umalankhula mpaka onse amve mbali yako. Ndinaganiza kuti ndikangowaonetsa anthu anga ndi maso, aona okha kuti ndinali ndi ufulu. A Gondwe anakaniratu. Anati iwo sapita kukagogoda pakhomo pa anthu amene sanawaitane, ine n'kuwanena kuti ndi amantha, imvi zachabe. Amake Taonga nawonso anayesa kukana. Anandifotokozera modekha kuti munthu wa makalata awiri sapempha kuchoka pantchito mwachisawawa, komanso kuti Lachinayi m'mawa odwala amachuluka.

Inu owerenga, zimene ndinawayankha ndi zimene zimandichititsa manyazi kuposa zonse. Ndinawafunsa kuti kodi m'kanjira kaja ndinalowamo chifukwa cha ndani. Ndinati pamene inu mumalira kumbuyoko ine sindinawerengere za makamera, lero ndagwa m'mavuto mukundithawa. Ndinamaliza ndi mawu akuti ngati zili choncho mabasi akadalipo, sanathe. Ndinkadziwa bwino lomwe pamene ndikubaya. Mayiwa anati akapempha. Abwana awo anawalola monyinyirika, koma anawauza kuti akhale atafika 11 koloko isanakwane.

Sindinalekere pomwepo. Pofuna umboni wosatsutsika, ndinasindikiza mauthenga a kagulu kathu ka pafoni, a miyezi itatu, pa makina a kuntchito. Ndinkafuna aone kuti timayendera limodzi tsiku lililonse. Ndinawaika m'fayilo ya pulasitiki, Lachinayi m'mawa n'kuvala tayi, kutentha konseko. Amake Taonga anatsika atavala kale yunifolomu yawo ya kuchipatala kuti tikangotuluka athamangire kuntchito. Njira yonse ankangoyang'ana nthawi pafoni. Ine ndinkayeseza mawu anga mokweza ngati loya, ndikuwafunsa ngati akumveka bwino.

Sindiwanamizira anthu a ku ofesi imeneyo. Anatilandira bwino, tinatenga nambala, ndipo 9 koloko itangopitirira tinaitanidwa. Amene ankamva nkhani yathu anali bambo wodekha kwambiri. Anandisiya ndilankhule. Ndinatulutsa Chingerezi chonse chimene ndinaphunzira ku sekondale, ndikufotokoza za kuchulukana kwa galimoto, za utsi, za ku Amereka, uku ndikuloza amake Taonga ngati katundu wa umboni. Mpweya utandithera bamboyo anandiuza mofatsa kuti kanjira kofiira sikawerengera kuti m'galimoto muli anthu angati. N'ka mabasi ndi matakisi ovomerezeka basi, ngakhale mutadzazana khumi. Kenako anamwetulira n'kunena kuti khalas, kutanthauza kuti basi zatha, ndipite ndikalipire, kukadali m'mawa. Ndikakumbukira ndimaona kuti munthuyo ankandipulumutsa. Amake Taonga anali atanyamula kale chikwama chawo, ndipo ankandikoka malaya chapansipansi. Nthawi inali isanakwane hafu pasiti naini.

Koma ine kumwetulira kuja kunandipsetsa mtima. Ndinaona ngati akundiyesa mwana. Ndinakankhira fayilo ija patsogolo pake n'kumuuza kuti asandithamangitse asanawerenge umboni wanga.

Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, pa lachitatu anaima. Mauthenga athu ankasakaniza Chichewa ndi Chingerezi monga timachitira tonse kuno, ndipo mawu akuti mafuta tinkawalemba m'Chingerezi, manambala ali pambali pake, ndi tizithunzi ta ku banki totsimikiza kuti ndalama yatumizidwa. Posindikiza paja sindinaziganizire n'komwe. Anandifunsa ngati mayiwa ndi m'bale wanga. Ndinati ndi mlongo wanga, pajatu kwathu aliyense amene mumadya naye ndi m'bale. Anayang'ana zitupa zathu, china cha Mmalawi, china cha Mzambia, maina osiyana. Kenako anatembenukira kwa amake Taonga n'kuwafunsa ngati amandilipira kuti ndiziwanyamula.

Mayiwa anandiyang'ana. Umboni unali patebulo, wosindikizidwa ndi manja anga, ndiye akanati chiyani? Anayankha motsitsa mawu kuti amangopereka ya mafuta. Ndipo ine, m'malo motseka pakamwa, ndinalumphirapo. Ndinati inde, mwezi uliwonse, onse awiri, ndipo ndi yotchipa kuposa takisi, ndikuthandiza anthu. Ndinkaganiza kuti ndikuwina.

Nkhope ya bamboyo inasintha. Sanakalipe ayi. Anangoitana mnzake, analankhulana m'Chiarabu, kenako anandifotokozera kuti kunyamula anthu n'kumalandira ndalama popanda chilolezo ndi mlandu waukulu kuno, wosiyana kutalitali ndi wa kanjira kofiira. Kwathu matola timawaona ngati nkhani yamasewera. Kuno amakulanda galimoto. Ndinayesa kunena kuti si bizinesi, ndi chikhalidwe chathu chabe. Anandiyankha kuti iye sakutsutsa chikhalidwe cha munthu, koma zimene ndanena ndi pakamwa panga, pamaso pa mboni imene ndabwera nayo ndekha, ndi mapepala amene ndamukakamiza kuwerenga, sanganamizire kuti sanazimve.

Anatisamutsira m'chipinda china. Panafunika kulemba mawu anga, kenako a amake Taonga, kenako kudikira wina wodzasaina. 11 koloko inakwana tili pabenchi. 12 inakwana. Foni yawo inkangonjenjemera m'chikwama, abwana akuimba, iwo akuyankha monong'ona kuti akubwera. Ulendo wachitatu sanayankhenso, anangoigwira m'manja mpaka inaleka yokha. Tinatuluka 1 koloko itapitirira, makiyi a galimoto atatsala m'katimo. M'manja mwanga munali pepala la chindapusa chatsopano choposa malipiro anga a miyezi inayi, ndipo chakale chija chinali pomwepo osasunthika.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Ndipo pamenepo, pa malo oimika galimoto, anthu akudutsa, ndinawatembenukira mayi aja. Ndinawatcha Yudasi. Ndinawafunsa ngati kunama kamodzi kokha kukanawapha. Ndinati miyezi isanu ndi itatu ndakunyamulani ngati mwana, malipiro ake ndi amenewa. Ndinalankhula zambiri zoti sindingazilembe pano. Iwo anangotembenuka n'kulunjika kumsewu. Anaimitsa takisi n'kukwera.

Kuntchito anafika cha m'ma 2 koloko. Abwana anawadula malipiro a tsikulo n'kuwauza kuti mphindi imodzi yokha ikadzapitirira, asadzavutike n'kudinda chala. Izi ndinazimva kwa a Gondwe, chifukwa ine ndinali nditatuluka m'kagulu kathu ka pafoni mwaukali, ndipo mayiwo sindinkawalankhula. Galimoto inali itagwidwa, tonse atatu tinabwerera ku mabasi. A Gondwe ntchito yawo sinkawerenga mphindi, ine abwana anga ankangondinena n'kuiwala. Koma amake Taonga anabwerera pamoto pomwe paja anathawa. Masiku anayi oyamba anakwera takisi mpaka ndalama inawathera. Kenako anayamba kudzuka mbandakucha, kuyenda wapansi kuwolokera tsidya la Dubai, n'kukadikira basi yopita ku siteshoni ya metro. M'mawa wina ndinawaona pa siteji ataima chapatali, ine n'kuyang'ana kumbali ngati sindikuwadziwa. Aliyense amene ndinkakumana naye ndinkamuuza kuti Mzambia wina anandigulitsa. Ena ankandikhulupirira, ndipo ku tchalitchi kunapezeka anthu amene analeka kuwapatsa moni chifukwa cha bodza langa.

Sabata yachiwiri, Lachitatu, mabasi awiri anadutsa atadzaza osaima. Amake Taonga anafika kuntchito mochedwa ndi mphindi makumi awiri. Kalata yachitatu anaipeza itakonzedwa kale.

A Gondwe ndi amene anabwera kudzandiuza. Munthu wosakweza mawu uja anaima pakhomo pa chipinda changa osalowa, ndipo anandifunsa funso limodzi lokha, kuti mapepala aja anasindikiza ndani. Nditayamba kufotokoza za chilungamo anandidula.

"Iwe, mayi uja anakupempha kuti alipire theka, ine ndilipo. Unakana chifukwa umafuna anthu akuombere m'manja. Ndiye omba wekha tsopano."

Aka kanali koyamba kuti bamboyu anditchule kuti iwe. Musadabwe, ndinawakwiyiranso. Ndinamenyetsa chitseko. Koma funso lawo linakana kuchoka. Mapepala anasindikiza ndani? Galimoto analowetsa m'kanjira ndani? Mboni anaiumiriza ndani? Atauzidwa kuti khalas, fayilo anakankha ndani? Ndinafufuza paliponse pamene ndikanaika dzina la munthu wina, osapapeza. Zinanditengera milungu itatu kuti ndivomere, ndipo milungu itatu imeneyo amake Taonga ankazungulira m'maofesi ndi makalata ofunsira ntchito, dzuwa lonseli, uku akuuzidwa kuti tikuimbirani, uko inshallah, Mulungu akalola. Palibe anaimba. Nthawi imene anapatsidwa inatha.

Ndinapita kukawaona Loweruka masana, kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke. Ankakhala m'chipinda cha amayi anayi, aliyense bedi lake ndi katani. Ndinawapeza akuyeza zikwama pa sikelo, akuchotsa nsapato za sukulu zimene anagulira Taonga m'chikwama china n'kuika m'china kuti kulemera kufanane. Ndinakonza mawu ambiri m'njira, koma nditafika anathawa onse. Ndinangoti pepani. Ndinayembekeza kuti anditukwana, ndipo kunena zoona ndinkafuna anditukwane kuti mwina ndipepukidwe. Sanatero. Anapitiriza kumanga chikwama, kenako analankhula osandiyang'ana.

"Achimwene, ija ya Yudasi sininaiike ku mutima, iyayi. Chamene chinanibaba ni chakuti munaziba. Munaziba kuti nili na makalata yabili. Imwe mwenze kufuna kuwina, ine nenze kufuna chabe kufika eiti."

Patapita kanthawi ndinawafunsa za Taonga. Anati sukulu yogonera yatha basi, akamupezera malo pa yoyendera, ngati angamulandire pakati pa chaka. Ndinatulutsa envelopu imene ndinabwera nayo. Anaiyang'ana n'kunena kuti ndisunge, ndili ndi mlandu wanga wolipira. Sindikanatha ngakhale kuwaperekeza ku bwalo la ndege, chifukwa galimoto inali isanatuluke. Itatuluka pambuyo pake ndinaigulitsa kuti ndilipire mlandu waukulu uja. Za galimotoyo sindidandaula, inapita chifukwa cha mwini wake. Uthenga umene ndinawalembera atafika kwawo anauwerenga koma sanayankhe mpaka lero, ndipo sindiwaimba mlandu.

Tsono inu owerenga, makamaka abale anga amene muli kuno kapena mukukonzeka kubwera, ndimvereni. Sindikunena kuti musamatsutse chindapusa. Ngati akulakwirani, ngati nambala si yanu, ngati tsikulo galimoto inali pagalaja, pitani ndithu, njira zake zilipo ndipo amamva. Koma musanapite khalani pansi mudzifunse ngati mukutsutsa chifukwa simunalakwe, kapena chifukwa mwapsa mtima. Ine chikwangwani ndinachiwerenga. Lamulo limene ndinkamenyera linali la dziko lina, ndipo ndinangolimva pafoni kwa msuweni. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa pamenepo, ndinauzidwa ndi anthu atatu kuti ndi phula n'kudyabe.

Za ya mafutazi, funsani bwino malamulo a kuno musanalandire kalikonse kwa munthu amene mwamunyamula. Zimene kwathu timazitcha ulemu kuno zili ndi dzina lina. Koma chachikulu chimene ndikukupemphani n'chakuti ukali wanu musamakwezemo anthu ena. Ngati mwaganiza zokamenyana ndi khoma, pitani nokha ndi mutu wanu. Musakoke munthu amene mukudziwa kuti akangopunthwa kamodzi sadzukanso. Ndipo musamamuwerengere munthu zabwino zimene munamuchitira kuti akuchitireni zofuna zanu. Chifundo chotero ndi katapila, ndipo ine ndinamutapa mayi wamasiye ntchito yake yonse chifukwa cha mphindi zitatu zimene ndinamupulumutsira.

Amake Taonga ananyamuka pa Sabata m'mawa. Masana ake, ndege yawo ikadali m'mwamba, ndinakhala pabedi, ndinatsegula foni n'kulipira chindapusa cha kanjira kofiira, chomwe chija ndinalumbira pamaso pa anthu kuti sindidzalipira. Ndinayang'ana nthawi poyamba ndi pomaliza. Zinanditengera mphindi ziwiri.